Khrisimasi ya ku Japan: inalowa ndi ansembe, inabweranso ndi amalonda

Achinyamata anzanga, mukadzapezeka ku Tokyo pa 25 Disembala musadzadabwe kuona anthu akuthamangira sitima kupita kuntchito ngati tsiku wamba. Kumeneko si holide. Akhristu ndi ochepa zedi, pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse. Komatu misewu imakhala ili waliwali, Santa Claus ali mbwee m'masitolo. Zinayamba bwanji?

Chikhristu chinafika ndi wansembe Francis Xavier mu 1549, ndipo Khrisimasi yoyamba yodziwika m'mbiri ya dzikolo inachitika ku Yamaguchi mu 1552. Mtendere sunakhalitse. Mu 1597 Akhristu 26 anapachikidwa pamitanda ku Nagasaki, kenako mu 1614 boma la a Tokugawa linaletseratu chipembedzochi n'kuthamangitsa ansembe. Otsala ankapemphera mobisa. Ena ankasunga chifanizo cha Kannon wa Chibuda, mumtima akudziwa kuti akupempha kwa Mariya, kuti aboma asawatulukire. Tangoganizani, zaka zoposa 250 kukumbukira kubadwa kwa Yesu monong'ona, chitseko chotseka, ukudziwa kuti akakugwira ndi imfa! Chiletsocho chinachotsedwa mu 1873.

Pobweranso, Khrisimasi inadzera kusitolo osati kutchalitchi. Kampani ya Fujiya inayamba kugulitsa keke ya Khrisimasi mu 1910, ndipo lero keke yoyera ya kirimu, sitiroberi pamwamba, ndiye mwambo. Kenako kunabwera nkhuku. Mu 1974 KFC inatsatsa m'dziko lonse kuti chakudya cha Khrisimasi ndi nkhuku yokazinga, anthu n'kutengeka nazo. Mpaka pano mabanja amaitanitsiratu kukadali masabata angapo, apo ayi uima pamzere mpaka miyendo kuwawa. Apa pokha tisawaseke, nanga ifeyo Khrisimasi yopanda mpunga wa nkhuku timaiwerengera ngati?

Chimene chimandidabwitsa ine ndi usiku wa pa 24. Kumeneko ndi usiku wa zibwenzi: kukadya kumalo odula, kupatsana mphatso, kuyenda awiriawiri poona magetsi. Amene alibe wake usikuwo umamutalikira, eti! Zopita kumudzi kukaona makolo amasungira Chaka Chatsopano, chomwe ndiye chikondwerero chachikulu kwa iwo. N'chifukwa chake pofika pa 26 m'mawa mitengo ya Khrisimasi imakhala atachotsa kale, pamakomo akuimika zokongoletsa za nsungwi ndi paini zotchedwa kadomatsu.