Kuyeza Madzi Akumwa kwa Khwethemule

Iyi ndi ntchito yofufuza ngati madzi a pamjigo, pachitsime kapena pakasupe ali oyenera kumwa. Kwa Khwethemule, m'boma la Thyolo, malo ndi ochepa chifukwa cha minda ya tiyi, choncho chimbudzi chokumbidwa kumtunda kwa kasupe chimatha kuwononga madzi mvula ikagwa, ngakhale aoneke oyera mbee. Akatswiri amatunga mamililita 100 m'botolo lopanda tizilombo n'kufufuzamo tizilombo ta E. coli, tosonyeza kuti mwalowa ndowe. Bungwe la WHO limati m'madzi akumwa musapezeke kachilombo kameneka ngakhale kamodzi. Miyezo ya m'dziko muno imakhazikitsidwa ndi Malawi Bureau of Standards. Alangizi a zaumoyo amagawa klorini m'midzi, ntchito imene inafunika kwambiri namondwe wa Freddy atasakaza Thyolo mu Marichi 2023, kolera isanathe.