Mmene mtengo wa unga unalowera m'tchalitchi

Madzulo aliwonse muno mu Linda, pa kantemba mupeza tumapulasitiki twa unga tandandalikidwa pa thebulo. Timati pamela. Mwana atumidwa ndi ka ndalama m'manja, agula kamodzi, awonjezerapo ka saladi ndi tomato awiri, nsima ya usiku yapezeka. Ambiri a ife tinabadwa n'kuzipeza choncho, ndipo sitiganiza kuti ka pamela kangakhale nkhani ya m'tchalitchi. Koma mu 1990 mtengo wa unga ndiwo unachititsa mabishopu kulankhula mawu amene andale ambiri anali kuopa kutchula.

Tiyambire kumbuyo pang'ono. M'nthawi ya UNIP, boma la a Kenneth Kaunda linali kulipirako mtengo wa unga kuti anthu a m'tauni azigula motchipa. Ndalama zake zinali kuchokera ku kopa. Mtengo wa kopa utagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, boma linayamba kukhalira nkhongole, ndipo okongoza, makamaka IMF, anati thandizo la pa unga lichoke. Litayesa kutero mu December 1986, ku Copperbelt kunabuka chipolowe, anthu n'kufa, boma n'kubwerera m'mbuyo. Mu 1989 kunabwera makuponi a unga. Funsani ambuya za mizere ya nthawi imeneyo, adzakuuzani ola limene anali kudzuka.

Mu June 1990 mtengo wa thumba la unga unakwera kupitirira kawiri pa tsiku limodzi. Ophunzira a pa UNZA anatuluka mumsewu, makomboni n'kuwatsatira, masitolo a boma n'kuphwanyidwa. M'masiku ochepa anthu opitirira 20 anali atafa. Pa 30 June, msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma. Zinatha m'maola ochepa chabe, koma anthu anali atavina kale m'misewu ya Lusaka, ndipo aliyense anawaona akuvina.

Mwezi wotsatira, mu July, mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yotchedwa Economics, Politics and Justice. Akanatha kungodzudzula achinyamata amene anaba m'masitolo n'kuthera pomwepo. Iwo anafunsa chimene chinafikitsa anthu pamenepo, ndipo anagwirizanitsa njala ya m'makomboni ndi ulamuliro umene sunali kuyankha kwa anthu. Kunena zotero pansi pa chipani chimodzi sikunali masewera. Mwezi womwewo ena anasonkhana ku Garden House, pa msewu wa ku Mumbwa, n'kuyambitsa MMD. Chaka chotsatira, a Kaunda ndi a Frederick Chiluba atakanika kumvana pa za malamulo a dziko, atsogoleri a mipingo ndiwo anawakhazika pamodzi ku Cathedral of the Holy Cross, ndipo pa 31 October 1991 anthu anavota.

Mbali imeneyi imakambidwa kawirikawiri. Imene ine ndimaiona yaikulu ndi ina, yopanda phokoso. Boma latsopano linachotseratu thandizo la pa unga, chilala cha 1992 chinawonjezera moto, ndipo amene anavina mu 1990 anapeza kuti voti siitsitsa mtengo. M'chaka chomwecho cha 1991, kabungwe ka ansembe a chi Jesuit, Jesuit Centre for Theological Reflection, kapena kuti JCTR, kamene kanakhazikitsidwa mu 1988 ndipo kanatsogoleredwa zaka zambiri ndi Bambo Peter Henriot, kanayamba ntchito yooneka ngati ya amai a pamsika: kuyenda m'misika ya Lusaka kufunsa mitengo. Unga, nyemba, kapenta, ndiwo zamasamba, saladi, shuga, mchere. Pambuyo pake anawonjezerapo madzi, malaiti ndi lendi. Akawonkhetsa, anali kulengeza ndalama zimene banja limodzi lifunika pa mwezi kuti likhale ngati anthu.

Mungafunse kuti za Mulungu zili pati m'kuwerenga kapenta. Maganizo ake ndi akale. Mneneri Amosi anakalipira amalonda ochepetsa muyeso ndi kukweza mtengo. Kalata ya Yakobo imati malipiro amene bwana wamana wantchito amafuula mpaka kumwamba. Mu 1891 Papa Leo XIII analemba kuti wantchito ayenera kulandira zokwanira kukhala moyo waulemu, ngakhale iye mwini atavomera zochepa chifukwa cha njala. Vuto la mawu otere ndi lakuti aliyense amawavomera pa Sondo, ngakhale amene amalipira mlonda wake ndalama zosakwana thumba la unga ndi lendi. Ukaikapo nambala, bwana uja sangathenso kunena ameni mosavuta. Mabungwe a antchito anazindikira zimenezi msanga, ndipo anayamba kunyamula pepala la JCTR popita kukakambirana za malipiro.

Pa 29 December 1991 a Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo a dziko. Ambiri timawanyadira. Koma pa zinthu ziwiri zimene zinabadwa chaka chimodzi, chilengezo ndi dengu la mitengo, ndi dengu limene limabweranso mwezi uliwonse kudzafunsa ngati chilengezocho chili ndi tanthauzo. Mu 2024 linapitirira K10,000 pa mwezi kwa banja la anthu asanu mu Lusaka. Chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba, malinga ndi lamulo, anali K1,300. Ganizirani amai amene amachoka muno m'mamawa kukachapa ndi kuphika ku mayadi a ku Makeni.

Sindinena kuti dengulo ndi langwiro. Silinatsitsepo mtengo wa chinthu chilichonse. Komanso limawerenga ngati kuti banja limagula thumba lathunthu la 25kg pa nthawi imodzi, pamene ambiri a ife kuno timagula pamela. Tengani cholembera, muwerenge tumapamela timene tingadzaze thumba limodzi, muchulukitse ndi mtengo wa pa kantemba yanu, ndiyeno muyerekeze ndi mtengo wa thumba m'sitolo. Mudzapeza kuti wopanda ndalama ndiye amagula unga modula kuposa onse. Nambala imeneyo simudzaimva pa nyuzi. Amene angaiwerenge ndi kuipititsa ku msonkhano wa achinyamata ku tchalitchi Sondo likubwerali ndi ife amene timatumidwa ku kantemba.