Mendulo za Keyala ndi Makalata Ace

M'nyumba zina za kuno ku Nkaya muli timabokosi tacitsulo tobisidwa kunsi kwa kama, ndipo m'menemo muli mendulo za makolo athu amene anali asilikari a King's African Rifles, gulu limene anthu ankalicha Keyala. Gululi linakhazikitsidwa m'caka ca 1902, ndipo Ayao, Angoni ndi Anyanja ambiri anakalembedwa usilikari ku likulu lace ku Zomba.

Tsiku lina mwana wa sukulu anadza kwa ine ndi mendulo zinai za malemu agogo ace, nati, "Aphunzitsi, kodi agogo anamenya nkhondo kuti?" Zitatu zinali nyenyezi zamkuwa, imodzi inali yozungulira ngati ndalama. Nyenyezi imodzi inali ndi kansalu konga mcenga. Imeneyo ndiyo Africa Star, imene analandira asilikari amene anamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland m'caka ca 1940, ndi ku Abyssinia kufikira pamene mzinda wa Gondar unagwa mu November 1941. Ina inali Burma Star, ya kansalu kofiira pakati, yokumbutsa za nkhondo yomenyana ndi Ajapani, monga ija ya m'cigwa ca Kabaw m'caka ca 1944. Motero ulendo wa mkuluyo tinaudziwa. Koma titatembenuza mendulo zonse, dzina lace sitinalipeze.

Cifukwa cace ndi ici. Pa nkhondo yoyamba ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu anaicha Ciwaya, Boma la Mangalande linkadinda nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikari m'mbali kapena kumbuyo kwa mendulo yace. Koma nyenyezi ndi mendulo za nkhondo yaciwiri, ya 1939 mpaka 1945, analandira zopanda maina. Tsono mboni yace ya mendulo yotere ndi pepala basi, makamaka kabuku kamene msilikari ankalandira potuluka nchito.

Ndinamtuma mwanayo kwa amai ace kuti akafunefune. Kabukuko kanapezeka, koma ciswe cinali citadya theka lace. Mwamwai, tsamba la nambala linatsala. Nambala ya msilikari ndiyo mfungulo, pakuti maina amafanana, ndiponso alembi acizungu ankalemba maina athu mokhota. Munthu wokhala ndi nambala angathe kukafunsa ku nyumba yosungira zolemba zakale za Boma ku Zomba, kapena ku National Archives ku Kew, ku London. Ndipo ngati mkuluyo analandira mendulo ya kulimba mtima, monga Military Medal, nkhani yace iyenera kufunidwa m'nyuzi ya Boma yochedwa London Gazette.

M'maiko a kunja muli anthu amene amagula ndi kusonkhanitsa mendulo. Ena a iwo amafufuza mbiri ya mwini wace mosamala, ndipo nchito yao njabwino. Komabe banja likagulitsa mendulo cifukwa ca njala ya caka cimodzi, ndalama zimatha msanga, ndipo adzukulu amatsala opanda cowasonyeza kuti agogo ao anaoloka nyanja.

Nsanja ya cikumbutso ya ku Zomba inasunga maina a asilikari amene anafa pa nkhondo ya Ciwaya. Koma amene anabwera amoyo, nakalima minda yao kufikira imfa, cikumbutso cao cili m'manja mwa mbumba yao.

Cifukwa cace, inu amene mwaphunzira kuwerenga tsopano, tsegulani kabokosi kaja. Musakwece mendulo ndi mcenga kapena phulusa, ndipo musacotse kansalu kace ngakhale kathaitha. Sungani mendulo ndi makalata pamodzi, pamalo pouma. Lembaninso nambala, dzina, mudzi ndi mfumu ya mkuluyo m'kabuku kena, ndi zonse zimene okalamba akali kukumbuka. Paja akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Werengani nokha, ndi kuuza ana anu zoona.