Mbiri ya Mayina a cis, trans, E ndi Z m'Maphunziro a Makemikolo

Mawu akuti cis, trans, E ndi Z ndi aafupi kwambiri, koma mbiri yawo ndi yaitali. Mbiriyi ikuonetsa m'mene dzina la sayansi limabadwira, ndiponso m'mene limaperewera pamene nzeru za anthu zakula.

Makemikolo a gulu la alkene ali ndi maatomu awiri a kaboni omangidwa ndi chilumikizo chapawiri. Chilumikizochi sichilola maatomuwo kupotoka momasuka. Motero makemikolo awiri angathe kukhala ndi maatomu ofanana, olumikizana mofanana, koma n'kusiyana pa mbali imene timagulu ta maatomu takhala. Chitsanzo chakale ndi asidi wa maleic ndi asidi wa fumaric. Woyambayo amasungunuka pa madigiri pafupifupi 135, pamene winayo amafuna madigiri oposa 280.

M'chaka cha 1874, Jacobus van 't Hoff wa ku Netherlands ndi Joseph Le Bel wa ku France, aliyense payekha, adafotokoza kuti zilumikizo zinayi za kaboni sizigona chafulati koma zimaloza kumbali zinayi. Van 't Hoff adaonetsa kuti maasidi awiri aja amasiyana chifukwa cha kakhalidwe ka timagulu pambali pa chilumikizo chapawiri. Pambuyo pake Adolf von Baeyer wa ku Germany adabwereka mawu awiri a Chilatini: cis, kutanthauza tsidya lino, ndi trans, kutanthauza tsidya linalo. Timagulu tofanana tikakhala mbali imodzi, kemikoloyo ndi cis; tikakhala mbali zosiyana, ndi trans.

Mawuwa adathandiza kwa zaka zambiri, koma adali ndi malire. Pamene timagulu tonse tinayi tozungulira chilumikizocho tili tosiyana, palibe tiwiri tofanana toti tiyerekezedwe, ndipo akatswiri awiri akanatha kupereka mayina otsutsana ku chinthu chimodzi. M'chaka cha 1956, Robert Cahn, Christopher Ingold ndi Vladimir Prelog adafalitsa malamulo osanja timagulu potsata nambala ya atomu, ndipo adawakonzanso mu 1966. Pa malamulowa, kulorini amaposa kaboni, ndipo kaboni amaposa haidrojeni. Mu 1968, akatswiri a bungwe la Chemical Abstracts Service ku America adatengera malamulowa ku alkene ndi kuyambitsa zilembo ziwiri zochokera ku Chijeremani: Z, ya mawu akuti zusammen, kutanthauza pamodzi, ndi E, ya mawu akuti entgegen, kutanthauza moyang'anizana. Pa kaboni aliyense pamasankhidwa kagulu kopambana; timagulu tiwirito tikakhala mbali imodzi, ndi Z, tikasiyana mbali, ndi E.

Apa ndi pamene alembi ambiri amaphonya, poganiza kuti cis ndi Z nthawi zonse. Pa but-2-ene n'zoonadi. Koma pa 2-chlorobut-2-ene, timagulu tiwiri ta methyl tikakhala mbali imodzi, kulorini, amene ndiye wopambana pa kaboni wake, amakhala tsidya lina, ndipo dzina lolondola limakhala ndi E.

Choncho mkonzi asasinthe cis kukhala Z pofuna kuti buku lifanane kalembedwe. Zilembozi zisamasuliridwe m'chinenero china chilichonse. Zimalembedwa mopendeketsa, m'mikutiramawu, patsogolo pa dzina, monga (E)-but-2-ene. Mphunzitsi adziwenso kuti bungwe la IUPAC, limene lidakhazikitsidwa mu 1919, silikulimbikitsanso dzina lakale lakuti geometric isomerism. M'malo mwake limagwiritsa ntchito lakuti cis-trans isomerism.