Piana degli Albanesi: katauni ka othawa nkhondo komwe sikadataye chilankhulo chake

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, lero tiyeni tipite ku Italy, pachilumba cha Sicily. Pamtunda wa makilomita pafupifupi 24 kuchokera mumzinda wa Palermo, pakati pa mapiri, pali katauni ka anthu osakwana 6,000 kotchedwa Piana degli Albanesi. Zikwangwani za m'misewu yake n'zolembedwa m'zilankhulo ziwiri: Chitaliyana ndi Arbëresh, chilankhulo chochokera ku Albania.

Makolo a anthuwa adafika kumeneko akuthawa nkhondo. Mtsogoleri wawo Skanderbeg atamwalira mu 1468, asilikali a ufumu wa Ottoman adalanda Albania, ndipo mabanja ambiri adawoloka nyanja. Mu 1488 ena mwa iwo adapatsidwa malo ndi bishopu wamkulu wa ku Monreale, nayamba kumanga. Anansi awo, pomva kuti amapemphera m'Chigiriki, ankawayesa Agiriki, mwakuti tauniyi inkatchedwa Piana dei Greci mpaka mu 1941. Tangoganizani, zaka mazanamazana akuitanidwa ndi dzina la eni, koma pakhomo ana akukulabe ndi chilankhulo cha agogo awo!

Boma lidachedwa kwambiri kuthandizapo. Lamulo loteteza zilankhulo za mitundu ing'onoing'ono ku Italy lidabwera mu 1999. Amene adagwira ntchito yaikulu ndi amayi pakhomo komanso ansembe. Wansembe wina wa m'tauniyi, Lekë Matrënga, adamasulira katekisimu m'chilankhulo cha kwawo, ndipo bukulo lidasindikizidwa ku Rome mu 1592. Komabe lero UNESCO imaika Arbëresh pakati pa zilankhulo zomwe zikhoza kutha.

Mlendo akafika amayambira ku tchalitchi chachikulu cha San Demetrio, chomwe zipupa zake zili ndi zojambula za Pietro Novelli wa m'zaka za m'ma 1600. Koma nthawi yabwino yopitako ndi ya Pasaka: amayi amavala madiresi opetedwa ndi ulusi wagolide ndi malamba asiliva, ndipo anthu amagawiridwa mazira opakidwa utoto wofiira.

Kunja kwa tauni kuli malo achisoni, Portella della Ginestra. Pa 1 Meyi 1947 alimi adasonkhana pamenepo ndi mabanja awo kukondwerera tsiku la ogwira ntchito, panthawi imene ankalimbirana minda ndi eni malo olemera. Gulu la chigawenga Salvatore Giuliano lidawaombera kuchokera m'phiri, n'kupha anthu 11, ena mwa iwo ana. Pamalopo padaimikidwa miyala ikuluikulu, ndipo maina a ophedwawo adazokotedwa pamwala.