Choko, Masamba ndi Dontho la Magazi

Aphunzitsi ndi ana a sukulu a ku Rufunsa, lero tiyambe ndi choko chimene mumalembera pa bolodi, pakuti chili ndi mbiri yake.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mu mzinda wa Warsaw, katswiri wa zomera dzina lake Mikhail Tsvet adadzaza kachubu kagalasi ndi fumbi la choko, natsanuliramo madzi ochokera m'masamba. Pamene madziwo ankatsika, mtundu wobiriwira uja udagawikana, pena pobiriwira, pena pachikasu, popeza chinthu chilichonse chinali kuyenda paliwiro lakelake. Mu 1906 iye adaitcha njirayi chromatography. Pambuyo pake Archer Martin ndi Richard Synge a ku Britain adaipititsa patsogolo, nalandira mphoto ya Nobel mu 1952.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Mu 1958 dokotala Denis Burkitt, amene ankagwira ntchito ku Uganda, adafotokoza za khansa yotupitsa nsagwada za ana. Mu 1961 adayenda ulendo wautali pagalimoto kufufuza nthendayi, nafika ngakhale m'dziko lathu lino, limene nthawi imeneyo linkatchedwa Northern Rhodesia. Amodzi mwa mankhwala oyamba kuthandiza anawo anali methotrexate.

Mankhwalawa ndi aukali. Akachepa, khansa imapitirira kukula. Akachedwa kutuluka m'thupi, amawononga impso. Komanso chiwindi chimasandutsa gawo lina la mankhwalawa kukhala chinthu china chofanana nawo ngati mapasa, chotchedwa 7-hydroxymethotrexate. Kuti asiyanitse ziwirizi, akatswiri amatenga magazi pang'ono, nawazunguza pamakina mpaka madzi ake achikasu, otchedwa plasma, atayandama pamwamba. Madziwo amawadutsitsa m'kachubu kachitsulo, monga adachitira Tsvet, ndipo chilichonse chimatuluka panthawi yake ndi kuyezedwa pachokha. Potero dokotala amadziwa ngati wodwala akufunika kuwonjezeredwa mankhwala omuteteza, otchedwa leucovorin.

Kuno kwathu, chipatala cha Cancer Diseases Hospital chidatsegulidwa ku Lusaka mu 2007. Tsono mukaona mwana watupa nsagwada kapena mimba, uzani makolo apite naye msanga kuchipatala, monga cha St Luke's ku Mpanshya, pakuti khansa imeneyi imachizika ikapezeka msanga.

Aphunzitsi, yesani izi m'kalasi: dontheza inki yakuda chakumunsi kwa choko, ndipo muchiimike m'mbale ya madzi ochepa osafika pa inkiyo. Ana ayang'anitsitse madzi akamakwera, kenaka alembe mitundu imene yaoneka.