Pilato anafika bwanji pa phiri la ku Switzerland?

Munthu akaima pa mlatho wakale wamatabwa wa Kapellbrücke mumzinda wa Luzern n'kuponya maso cha kumwera chakumadzulo, amaona chiphiri cha miyala yotuwa, cha nsonga zingapo zosongoka, chitaima chokha pamwamba pa nyanja. Nsonga yake yaitali koposa, Tomlishorn, ndi ya mamita 2,128, ndipo inzake yotchedwa Esel ndi ya mamita 2,118. Ku mapiri a Alps kutalika kotereku n'kochepa. Koma popeza nyanja ya m'munsi mwake ili pa mamita 434 okha, phirili limaoneka loopsa kuposa msinkhu wake. Dzina lake ndi Pilatus.

Aliyense amene anakulira m'tchalitchi dzinali akulidziwa. Pontius Pilatus ndi dzina la Chilatini la Pontiyo Pilato, bwanamkubwa wa Aroma amene anaweruza Yesu, yemwe timamutchula m'Chikhulupiriro cha Atumwi. Iyeyu analamulira Yudeya kuyambira cha m'ma 26 mpaka 36, ndipo palibe cholembedwa chilichonse cha m'nthawi yake chosonyeza kuti anapondako kudera limene lero ndi Switzerland. Nanga dzina lake likutani pa phiri la oweta ng'ombe olankhula Chijeremani?

Poyamba phirili silinkatchedwa choncho. Zolembedwa za cha m'ma 1100 zimalitchula kuti fractus mons, mawu a Chilatini otanthauza phiri losweka. Ndi dzina loona, la munthu amene analiyang'ana phirilo n'kunena zimene waona: matanthwe ong'ambika, zigwembe, miyala yogumuka itaunjikana m'munsi. M'kamwa mwa anthu a kumeneko mawuwa anasanduka Frakmont kapena Fräkmünt. Dzinali silinafe konse. Malo ena odyetsera ng'ombe m'mbali mwa phirili akadali nalo, ndipo amene amakwera pa tingolo toyenda pa chingwe kuchokera ku tawuni ya Kriens, m'munsi mwa phirili, amasintha ngolo pa siteshoni yotchedwa Fräkmüntegg, ambiri osadziwa kuti akutchula dzina lakale la phiri lonselo.

Dzina loti Pilatus likuyamba kuoneka m'zolembedwa za m'zaka za m'ma 1400. Akatswiri a zinenero ali ndi mafotokozedwe awiri osakhudzana ndi bwanamkubwa uja. Ena amati linachokera ku mawu a Chilatini oti pila, kutanthauza mzati, chifukwa cha matanthwe oima chilili. Ena amati linachokera ku pileatus, kutanthauza wovala chipewa, chifukwa mtambo umakonda kukhala pansonga pake ngakhale kwina konse kuli kowala. Anthu a ku Luzern mpaka lero amawerenga nyengo pa mtambo umenewu: ukakhala wozungulira pamwamba amati phiri lavala chipewa, kunja kucha bwino, ukatambalala chopingasa m'mbali amati lamangirira lupanga, kukubwera mvula. Mafotokozedwe awiriwa ndi omveka, ndipo n'kutheka kuti limodzi mwa iwo ndi loona. Koma amangotiuza kumene kamvekedwe ka dzinalo kanachokera. Satiuza chifukwa chimene dzina latsopanoli linagonjetsera Frakmont, lomwe linali litakhazikika kwa zaka mazana. Chifukwacho chili m'nthano.

Baibulo silinena za imfa ya Pilato. Wolemba mbiri wachiyuda Josephus amangoti anaitanidwa ku Roma kukayankha mlandu atapha Asamariya pa phiri la Gerizimu. Patapita zaka pafupifupi 300, Eusebius analemba kuti Pilato anadzipha. Pamenepo nkhani inayamba kumera nthambi. Akhristu a ku Ethiopia anatenga njira yawo, n'kumakhulupirira kuti analapa, ndipo mpingo wawo umamuwerengera pakati pa oyera. Ku Ulaya wa kumadzulo zinapita kwina. Ankati mtembo wake unaponyedwa mumtsinje wa Tiber ku Roma, koma mizimu yoipa inavundula madzi, kunagwa matalala ndi mphezi mpaka anthu anauvuula. Anapita nawo ku Vienne n'kuuponya mumtsinje wa Rhône, zomwezo. Anauika m'dera la Lausanne, nakonso anthu sanagone tulo. Potsiriza anautaya m'dzenje lozunguliridwa ndi mapiri, kutali ndi midzi. Nkhaniyi inafala kwambiri kudzera m'buku la mbiri za oyera lotchedwa Legenda aurea, la m'zaka za m'ma 1200, limene ansembe ambiri ankatengamo zolalikira.

Dzenje la m'mapiri lija anthu a ku Luzern analipeza kwawo. Pamwamba pa chigwa cha Eigenthal, pa malo odyetsera ng'ombe otchedwa Oberalp, panali kadziwe ka madzi akuda, kobisika m'mitengo, kosaoneka polowera kapena potulukira madzi. Anati Pilato ali m'menemo. Ankati Lachisanu Loyera lililonse amatuluka atavala mkanjo wa woweruza n'kukhala pampando pakati pa dziwe, ndipo womuona samaliza chaka. Masiku ena onse amakhala phee, pokhapokha wina amupute. Ukaponyamo mwala kapena mtengo, kapena ukatchula dzina lake monyoza, mitambo imasonkhana nthawi yomweyo ndipo madzi amatsika kukasesa za kumunsi.

N'kosavuta lero kuwaseka anthu amenewa, koma ine sindiona choseketsa. Madzi ankatsikadi. Pilatus waima kumapeto kwenikweni kwa Alps chakumpoto, choncho mphepo yachinyontho yochokera kuzidikha ikafika pamenepa imakakamizika kukwera, n'kuzizira, n'kukhuthula mvula yamabingu mwadzidzidzi, makamaka masana m'miyezi yotentha. Mbali zake ndi zotsetsereka kwambiri ndipo zadzaza miyala yogumuka. Timitsinje monga Renggbach ndi Krienbach, tomwe tsiku labwinobwino mwana akhoza kutiwoloka, tinkasanduka chigumula cha matope, miyala ndi mitengo, n'kuwononga Kriens mpaka kulowa m'misewu ya Luzern. Amene anamva za napolo wa ku Zomba mu 1946 kapena wa ku Phalombe mu 1991 akudziwa mmene zimakhalira phiri likataya madzi usiku umodzi, ndiponso mmene anthu otsala amafunira kudziwa kuti wachita zimenezi ndani. Anthu a ku Luzern analibe zipangizo zoyezera nyengo. Anali ndi maliro, minda yokwiririka, ndi nkhani imene ankaimva m'tchalitchi ya munthu amene anasamba m'manja n'kupereka wosalakwa kuti aphedwe. Dzina la phiri linkamveka kale ngati lake. Zonsezi zinagwirizana, ndipo dzinalo linamatirira.

Akuluakulu a mzinda anaitenga nkhaniyi ngati ya chitetezo cha anthu. Analetsa aliyense kupita kudziweko popanda chilolezo, ndipo oweta ng'ombe a m'phirimo ankalumbiritsidwa kuti asalole mlendo kuyandikira. Mu 1387 atsogoleri achipembedzo 6 anatsekeredwa m'ndende chifukwa chofuna kukwera kumeneko. Tikamanena za kukwera mapiri ku Alps lero timaganiza za nsapato zolimba, chikwama kumsana ndi ndodo m'manja. Pa phiri ili, nthawi imeneyo, chofunika choyamba chinali chilolezo cha khonsolo.

Chilolezocho ena anachipeza. Mu 1518 Joachim Vadian, munthu wophunzira wa ku St. Gallen, anakwera ndi anzake ochepa n'kukaliona dziwelo. Koma ulendo umene ndimaukonda, umene ndimaona kuti ndi umene unatembenuza zinthu, ndi wa Conrad Gessner mu Ogasiti 1555. Gessner anali dokotala wa ku Zürich, wokonda zomera ndi nyama mopitirira muyezo. Zaka zingapo m'mbuyomo, mu 1541, anali atalembera mnzake kalata yonena kuti akufuna kuti chaka chilichonse azikwera mapiri, kapena limodzi lokha, pa nyengo imene maluwa akuphuka, kuti aphunzire zomera, alimbitse thupi ndi kusangalatsa mtima. Masiku amenewo anthu ankakwera phiri pofuna msipu, nkhuni, nyama kapena njira yodutsira. Kukwera chifukwa chakuti pamwamba m'pokongola chinali chinthu chachilendo.

Atalandira chilolezo ku Luzern, Gessner ndi anzake anagona ku Eigenthal pa udzu wouma wa ng'ombe, ndipo iye anauyamikira udzuwo kuti ndi wofewa ndi wonunkhira. M'mawa anakwera, akudya za mkaka zimene oweta ng'ombe anawapatsa, akumwa madzi ozizira a pakasupe. Analemba za lipenga lalitali lamtengo limene abusa a ng'ombewo ankaliza. Anaona kuti zomera zikusintha munthu akamakwera: za m'munsi zili kale m'nyengo yokhwima, za pakati zikuphuka kumene, pamwamba pakadali pozizira. Kagawidwe kameneka ka zomera motsatira kutalika kwa phiri akatswiri anadzakafufuza mozama patapita zaka mazana. Atafika padziwe lija anapeza kachithaphwi chabe. Ananena mosapita m'mbali kuti sakhulupirira kuti Pilato anafikako, ndipo ngakhale akanafikako, munthu wakufa alibe mphamvu yochitira amoyo chabwino kapena choipa. Kabuku kamene analemba za ulendowu, Descriptio Montis Fracti sive Montis Pilati, kali ndi mayina onse awiri pamutu pake, phiri losweka ndi phiri la Pilato, umboni wakuti mu 1555 mayinawa anali akuyendera limodzi.

Buku la Chilatini silikanachotsa mantha kwa mlimi wa ku Kriens. Panafunika kuti anthu aone ndi maso. Mu 1585 bambo mfumu wa parishi ya Luzern, Johann Müller, anatsogolera gulu la anthu a mumzinda kupita ku Oberalp. Anaponya miyala m'dziwemo, anamuitana Pilato monyoza, ndipo ena analowa m'madzimo n'kuwoloka ndi miyendo, kusonyeza kuti dziwe lomwe ankati lilibe pansi ndi losaya. Kumwamba kunakhala kowala. Ndimaganizira za anthu amene analowa m'madzi aja. Anakula akumva kwa makolo awo kuti kuchita zimenezi ndi kuitanira imfa pa mudzi wonse, koma anavula nsapato n'kupondamo. Mu 1594 khonsolo inalamula kuti akumbe ngalande yophwetsa dziwelo. Za madzi osefukira, yankho linali la manja ndi zitsulo: kangapo konse anthu anaphwanya miyala kukulitsa mpata wa Renggloch, kuti madzi a Renggbach azitsikira mumtsinje wa Kleine Emme m'malo molunjika ku Kriens ndi Luzern.

Dziwe linaphwa, chiletso chinatha, koma dzina linatsala, ndipo linadzakhala lokopa alendo. Mfumukazi Victoria ya ku Britain inakwera phirili mu 1868. Mu 1889 inatsegulidwa njanji yochokera ku Alpnachstad, m'mbali mwa nyanja, kukafika ku Pilatus Kulm, pamwamba pa phirili. Ndi ya makilomita 4.6 okha, koma pamalo ena imakwera mamita 48 pa mamita 100 aliwonse, ndipo palibe njanji ina ya mano padziko lapansi yotsetsereka chonchi. Pa chitunda chotere gudumu la mano wamba likhoza kudumpha njanji, choncho injiniya Eduard Locher anagoneka magudumu awiri chammbali kuti azigwira njanji ya mano kumanzere ndi kumanja nthawi imodzi. Sitimazi zinkayendera nthunzi mpaka 1937, pamene anaziika magetsi. Tingolo ta pa chingwe tochokera ku Kriens tinafika pamwamba mu 1956. Chizindikiro cha kampani yoyendetsa zonsezi ndi chinjoka chofiira chamapiko, chochokera ku nthano zina za phiri lomweli zonena za zinjoka zokhala m'mapanga ake.

Okonda kuyenda pansi ali ndi njira zambiri. Ya ku Alpnachstad imadutsa Ämsigen ndi Mattalp, ikuwoloka ndi kutsata njanji, ndipo munthu amakwera mamita oposa 1,600 kwa maola pafupifupi 5, mabelu a ng'ombe akulira m'mbali monse. Ina imayambira ku Fräkmüntegg kapena ku Hergiswil n'kudutsa pa katchalitchi koyera ka pa Klimsen, kamene kaima pamphepete pa phompho. Ukafika pa Kulm pali kanjira kosemedwa m'thanthwe kopita ku Tomlishorn, ulendo wosakwana ola, ndipo kawirikawiri pamatanthwe pamenepo pamaoneka mbuzi zakutchire za nyanga zazikulu zimene anazibwezeretsa pa phirili mu 1961. Kukacha bwino, nthambi zonse za nyanja zimaoneka m'munsi, ndipo chakumwera kumandandalika mapiri oyera a Bernese Alps.

Wofuna kuona kumene dzina linachokera asatsate gulu la pa sitima. Ayambire ku Eigenthal, kumene Gessner anagona, akwere kudutsa m'nkhalango mpaka ku Oberalp. Pamene panali dziwe lero ndi dambo la ndere ndi udzu wonyowa pakati pa mitengo ya paini, ndipo ambiri amalidutsa osalizindikira, akuthamangira nsonga ya Mittaggüpfi ya mamita 1,917. Njirayi ndi ya miyezi yotentha yokha, chifukwa m'nyengo yozizira imakwiririka ndi chipale. Eni dera amalangiza kunyamuka m'mamawa, kutenga jekete ya mvula ngakhale kuli dzuwa, ndi kuyamba kutsika pamtunda mitambo ya masana isanakule.